Ndowa Yovala Diresi

Mzime wa amayi anga,

Ndiyambe ndi moni monga anatilerera, ngakhale mtima ukundikoka kuti ndidumphe zonsezi. Wadzuka bwanji kumeneko, iwe ndi mlamu wanga? Ana akukula? Chifuwa chija chinkamuvuta wamng'onoyo nthawi yozizira chinamusiya? Nanga msana wako, ukadali kulira ukaweruka ku ntchito? Ndikupemphera kuti mawu angawa akupezeni nonse muli ndi mphamvu.

Ine kuno ndikuyenda ndi miyendo yanga, ndikudya, ku bekale ndikupita, ndiye anthu amati ndili bwino. Tisatsutsane nawo.

Udabwa kuti mlongo wako wayamba liti kulemba makalata. Ndakuimbira kangapo sabata ino. Ukayankha umakhala ukulowa pa geti ya ku ntchito, kapena umangopatsira ana foni kuti apereke moni kwa azakhali. Ndikakulembera kuti pali nkhani yofunika, umanditumizira kachithunzi ka chala chachikulu, basi nkhani yatha. Ndiye ndapempha mapepala kwa anesi, ndakhala pa benchi ya panja pa wodi. Ndikamaliza ndiwajambula ndikutumizire. Uwerenge onse, usathamangire kumapeto monga mwa chizolowezi chako.

Inde, ndati wodi. Amayi ali m'chipatala, ndipo sanagonekedwe dzulo kapena dzana. Madokotala akufuna kuwadula dzanja lamanja kuti apulumutse moyo wawo. Iwo akukana. Akuti adzalola pokhapokha iwe utanena, koma andiletsanso kukuuza. Waona pamene ndaima? Tsopano ndikufotokozere mmene tafikira pano, chifukwa nkhaniyi ikukukhudza kuposa mmene ungaganizire.

Ukuikumbukira ndowa yofinyira mopu imene unatumiza chaka chatha? Yofiira ija, yokhala ndi chopondera pansi ndi kadengu kachitsulo kamabowo m'kati. Ukaponda, kadenguko kamazungulira n'kuchotsa madzi ndi litsiro lonse ku mopu, ndipo m'mbali mwake muli mano ngati a chipeso okokolola tsitsi ndi ulusi. Unatifotokozera pa foni ngati mphunzitsi. Unati pansi pa chipinda cha telala sipatha mapini, ulusi ndi tizidutswa ta singano, choncho amayi asamagwirenso mopu ndi manja. Unaganiza bwino, mlongo wanga, pamenepo sindikunamiza.

Tsiku limene inafika, amayi anaitana mzere wonse wa nyumba zathu. Katoni anaitsegula ndi sizasi yawo yodulira nsalu, ija imene iwe ndi ine tinkamenyedwera tikangoiyang'ana. Anaponda chopondera n'kunena kuti n'chofewa kuposa cha makina awo osokera. Kadengu kanazungulira, azimayi anawomba m'manja. Mayi wa pa golosale ati chinthu chotere ngakhale mwamuna wawo akhoza kukolopa, bola pasakhale anzake oonerera. Tinaseka mpaka misozi.

Anthu atabalalika ndinabwera ndi madzi a sopo kuti tiyese zenizeni. Amayi anandimenya pa dzanja. Ati kodi mutu wanga ukuyenda bwino, ndikufuna kuthira madzi a matope m'chinthu chimene mwana wawo wakhetsera thukuta kudziko la eni? Ndinayesa nthabwala. Ndinati ndowa ndi ndowa, sinabwere kudzakwatiwa. Sanaseke.

Kenaka iwe unapempha kavidiyo ka amayi akukolopa ndi ndowayo. Kavidiyo kaja unakaonetsa anzako, kaja unati kanakugwetsa misozi, wogwira foni ndinali ine. Pansi paja tinali titakolopa kale ndi chikolopa chakale. Madzi amene anali m'ndowamo anali akumwa. Amayi anavala diresi la pa ukwati wako, n'kumayendetsa mopu yatsopano pa simenti yoyera kale, akumwetulira ngati mtsikana wotsatsa malonda. Nditangozimitsa foni anakhuthula madziwo, n'kuipukuta ndowayo ndi thaulo la alendo. Anaiyanika pa mthunzi kuti dzuwa lingaichotse mtundu.

Sabata yomweyo anaisokera diresi. Usaseke, kapena seka, ine ndinaseka kale mbali yanga. Panali nsalu yonyezimira yotsala pa madiresi a operekeza mkwatibwi. Anaiyeza ndowayo m'chiuno ndi tepi, n'kuisokera chovala cha zipi kumbuyo, cha maleisi m'munsi, ndi kabowo kotulukira chogwirira. Anaikhazika pamwamba pa kabati, pambali pa chithunzi chako cha pa sukulu. Makasitomala akafunsa, ankayankha monyadira kuti ndi makina a mwana wawo wa kunja.

Tsono kukolopa kunkapitirira monga kale. Ukudziwa kuti amayi amakolopa m'mawa ndi madzulo, chifukwa ati mpendero wa diresi loyera la munthu usakhudze fumbi poyesa. Mopu yakale ija, yothothoka ngati nkhuku yodwala, ankaiviika m'chigubu chodula pakati. Ankatola ulusi ndi mapini ndi zala, kuitsukuluza, n'kuipota ndi manja onse awiri mpaka dontho lomaliza. Ndowa yako ili pamwamba, yavala bwino, ikuonerera.

Ndinalankhula, mlongo wanga. Ndinalankhula mpaka pakamwa kuuma. Ndinawakumbutsa za shuga wawo, ndi zimene anatiuza ku chipatala kuti munthu wa shuga aziopa ngakhale kabala ka minga. Ati akhala akufinya mopu ine ndisanabadwe, ndipo manja awo ndi achikopa cha ng'ombe.

Loweruka lina atapita kukagula mazipi ndi mabatani, ndinaitsitsa, ndinaivula, ndinakolopa nyumba yonse. Ndikuuze zoona, chinthu chako chimagwira ntchito. Sindinanyowe ngakhale chala. Nditakhuthula madzi, pansi pa ndowa panatsala mapini odzaza supuni. Ndinaitsuka, ndinaipukuta, ndinaiveka, ndinaibwezera pamalo pake. Koma zipi ndinaiyang'anitsa kumbali m'malo mwa kukhoma, ndipo diso la telala silinamizika.

Ndinkayembekeza mkokomo, koma iwo anangokhala pa mpando wa makina n'kuyamba kulira mwakachetechete. Ati ine ndili pano, amandiona tsiku ndi tsiku mpaka kutopa nane. Koma iwe amakuonera pa kagalasi ka foni, ana ako sanawanyamulepo. M'nyumba monse, ati, chinthu chimene manja ako achigwira posachedwa ndi ndowa yokhayi. Ikang'aluka kapena chopondera chikathyoka, atsala ndi chiyani?

Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti iwe unangoitanitsa pa foni, a sitolo ndi amene anaikulunga n'kutumiza, dzanja lako silinaikhudzepo. Mawuwo anafika pa lilime, ndinawameza. Ndinawamvera chisoni, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinaigwirenso.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi watha anali kusoka zikwama za ana asukulu, za nsalu yolimba ija, singano ya makina n'kuthyoka. Mbali yakumtunda anaichotsa, kansonga kake sanakapeze. Ine ndinali ku bekale. Nditafika madzulo ndinapeza chikhatho chawo atachimanga ndi kansanza. Ati nsimbi yawaotcha. Ndinakhulupirira, poti nsimbi ndi amayi akhala akulimbana moyo wonse.

Anapitiriza kusoka. Patapita masiku anandipempha kuti ndiwadulire nsalu ya yunifolomu. Ine! Kundipatsa sizasi m'manja mwanga! Pamenepo ndikanayenera kudzidzimuka, koma ndinangoti ukalamba wayamba kufewetsa mtima. Ndinawaseka kuti kodi lero kugwa mvula yanji.

Kenaka m'nyumba munayamba fungo. Ndinaganiza kuti khoswe wafera kuseri kwa kabati. Ndinasuntha mipando, ndinatulutsa matumba a zidutswa za nsalu, ndinasuzumira kudenga ndi tochi. Nthawi yonseyi amayi anakhala pa bedi, dzanja atalifunditsa ndi juzi, akundiyang'ana ndikufunafuna. Mayi wako anandilekerera kusaka khoswe tsiku lonse. Nditadutsa pafupi nawo ndi pamene mphuno inandiuza kumene kukuchokera fungolo.

Sindikufotokozera zimene ndinaona nditamasula kansanzako. Ndikusungira zimenezo, iwe uli ndi ana oti uwadyetse ndi mtima wabwino. Ungodziwa kuti ndinathamanga wopanda nsapato kukafuna galimoto.

Kuno atajambula dzanjalo anapeza kansonga ka singano kaja, kochepa kuposa njere ya mpunga, kali m'kati mwa chikhatho. Adokotala ndi mtsikana wamng'ono kwa iwe, wa maso otopa. Anawafunsa mofatsa kuti kachitsuloko kanalowa bwanji. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndipo ndinamva amayi akuyankha ndi mawu apansipansi kuti anali kufinya mopu. Atandiona anazindikira kuti ndamva. Chinthu choyamba chimene ananena si chakuti ndikumva kuwawa, ayi. Ati ndisayerekeze kumuuza Mzime.

Anawang'amba, anachotsa kachitsuloko, anatsuka balalo, anawapatsa mankhwala a m'botolo lolendewera. Koma shuga salola bala kupola. Zala ziwiri zada bii, ndipo sazimvanso ngakhale uzitsine. Anesi anajambula mzere ndi bolopeni pa mkono, pamene kutupa kunalekezera. Ati tiziuyang'anira mzerewo. Kukacha timapeza kutupa kwaudumpha, iwo n'kujambula wina chakumtunda. Mkono wa amayi tsopano uli ngati tepi yawo yoyezera.

Adokotala anandiitanira m'kakhonde n'kundiuza mosabisa. Akadula lero, adula pansi pa chigongono, ndipo mkono wotsalawo ukhoza kugwira nsalu pa makina. Tikachedwa, adzadula pamwamba. Tikachedwanso, poizoni adzalowa m'magazi ndipo sipadzakhalanso chodula. Ndinati ndipatseni pepala ndisaine pompano. Ati sizitheka, mwini dzanja mutu wake ukugwira bwino, mawu omaliza ndi ake.

Tsopano ganiza za foni imene unaimba Lamlungu lapitali. Kamera ya foni yanga sinafe, mlongo wanga, ndinakunamiza amayi atandituma. Phokoso limene unamva lija, amayi n'kukuuza kuti ndi wilibala ya aneba, inali tebulo ya matayala ya anesi. Unawafunsa moseka ngati ndowa ikugwirabe ntchito. Anakuyankha kuti ikadali ngati yatsopano, ndipo pa mawu onse a tsiku limenelo oona anali okhawo. Utadula foni analuma pilo kuti odwala anzawo asamve kubuula.

Ndayesa zonse zimene mutu wanga ungathe. Ndawagwadira pa simenti ya m'wodi anthu akuona. Ndinaitana amayi aang'ono, anabwera, analira, anakalipa, anabwerera. Abusa anapemphera n'kuwawerengera mawu, iwo anavomera ameni mwamphamvu kenaka n'kupukusa mutu. Mayi wa bedi loyandikana, amene anamudula mwendo chaka chatha, anavundukula bulangeti n'kuwaonetsa. Ati taonani achemwali, ine ndilipo, ndikudya, ndikutukwana apongozi anga monga kale. Wodi yonse inaseka kupatula amayi.

Poyamba ankati telala wopanda dzanja ndi munthu wanji, adzakhala chidole chongodyetsedwa. Ndinawauza kuti ine ndidzakhala dzanja lawo, ndidzadula, iwo azidzaponda makina n'kumandikalipira. Atatopa ndi kundizemba ananena zenizeni. Ati mwana wawo anawasiya athunthu, ndipo tsiku lodzatsika basi ayenera kudzawapeza athunthu. Akanena bambo anga, ati, ndilola. Bambo awo ndiwe, iwe amene ndinkakupukuta mamina.

Ndinati chabwino, ndimuimbire pompano. Anandigwira ndi dzanja lamanzere mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Ati ukamva ufunsa kuti singano yalowa bwanji pamene unatumiza ndowa yofinya yokha. Udziwa kuti mayi ako akhala akukunamiza chaka chathunthu. Uganiza kuti ananyoza mphatso yako. Ati adzakuyang'ana ndi maso ati? Ndipo anandiuza kuti ndikangotsegula pakamwa kwa iwe, ndisadzapondenso pa bedi lawo, ngakhale pa maliro awo ndisadzakhale kutsogolo.

Ndilole ndikwiye pang'ono, chifukwa ndilibe kwina kokwiyira. Ine ndine chisamba. Banja litandikanika ndinabwerera pakhomo, ndipo kuyambira pamenepo amene amadziwa nthawi ya jakisoni wawo ndine. Amene akuwasambitsa muno ndine, wotaya beseni ndine, wogona pa katoni pansi pa bedi ndine. Koma mawu anga amalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Iwe ukangotsokomola pa foni, amayi amasala kudya kukupempherera. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Amayi athu mwambi umenewo anaumva chozondoka.

Sindikukuda, usandimve molakwa. Sunalakwe kupita, ndipo sunalakwe kutumiza ndowa. Ndikungotopa, mlongo wanga. Ndatopa mpaka m'mafupa, ndipo ndili ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ku bekale dzana ndinaiwala kuthira yisiti, mabanzi onse anatuluka ngati miyala. Abwana atandiyang'ana kumaso sanakalipe, anangoti ndipite.

Lero m'mawa kutupa kwafika pafupi ndi chigongono. Anesi anagwira bolopeni, anayang'ana mkono, anandiyang'ana ine, n'kujambula mzere wina. Thupi la amayi latentha. Pa kanthawi kena amayi anayamba kundifunsa ngati mwini diresi la buluu wabwera kudzatenga, pamene diresi limenelo linatengedwa kalekale. Kenaka nzeru zinabwerera, anandizindikira, n'kufunsa ngati ndasunga pakamwa panga.

Adokotala akuti kutentha thupi kukawasokoneza mutu kwenikweni, pamenepo ine ndikhoza kusaina m'malo mwawo. Koma akuti nthawi imeneyo ikamafika, kawirikawiri zimakhala kuti poizoni wafika kale kutali. Ndiye tamvera zimene mlongo wako wasanduka. Ndakhala pa benchi pano ndikudzipeza ndikulakalaka kuti mayi anga abalalike mutu msanga, kuti ndiwapulumutse asakudziwa. Mwana wanji amapempha zotere? Ndachita manyazi ndi Mulungu, ndipo ndi chifukwa chake ndatenga bolopeni.

Tsono pempho langa ndi ili. Usatumize kanthu. Usayambe kufufuza mankhwala a kumeneko kapena dzanja la pulasitiki, ndikukudziwa iwe. Za ulendo tidzakambirana pambuyo, ndege siingafike msanga kuposa mawu ako. Imba foni. Ngati uli pa ntchito, tuluka. Ngati abwana akukaniza, lowa m'chimbudzi uimbire momwemo.

Ukaimba usawafunse kuti ali bwanji, chifukwa akuuza kuti ali bwino ndipo iwe ukhulupirira, monga wakhala ukukhulupirira. Usawakalipire. Usafunse chifukwa chake, chifukwacho ndakuuza kale. Usayambe ndi kulira, ukalira iwo ayamba kukutonthoza ndipo nthawi ithera pamenepo. Uwauze kuti wamva zonse ndipo sunakwiye. Uwauze kuti ana ako akufuna agogo oti adzawaone, ndipo agogo a dzanja limodzi amakwana kunyamula mdzukulu. Kenaka unene mawu amene akudikira, momveka bwino, kuti amayi, lolani adule.

Sindikulonjeza kuti zithandiza. Mwina tachedwa kale, mwina adzalola kudulidwa dzanja koma n'kutisiyabe ndithu. Ndikayang'ana nkhope za anesi sindipezapo chondilimbitsa mtima. Koma ngati apite, asapite chifukwa choopa kukukhumudwitsa iwe.

Ndikudziwa chimene chichitike ukangodula foniyo. Sadzafunsa kuti wakuuza ndani. Ndikadzawayandikira adzatembenukira kukhoma, ndipo amayi athu akanena mawu sabweza. Mwina sadzandilolanso kuwasambitsa, mwina dzina langa silidzatulukanso pakamwa pawo. Ndaziganizira zonsezo pa benchi pano ndipo ndavomera. Andide. Andide zaka zambirimbiri, azindidutsa m'khonde osandiyankha moni, azikankha mbale imene ndawaikira. Bola wondidayo akhale alipo.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze zonse kuti akugwire dzanja poimba. Ana uwapsompsone m'malo mwa azakhali awo, koma usawauze kanthu pakali pano. Mulungu amene anakutsogolera kumeneko akusunge, akupatse mawu oyenera, ndipo atichitire chifundo ife tili kuno.

Foni yanga ili ndi moto wokwanira, ndaigwira m'manja, ndipo ndakhala pafupi ndi chitseko cha wodi. Ikangolira ndilowa nayo ndekha, ndikaiike pa khutu lawo.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumbuyo,

Chisamba